M'bindikiro Udaimitsidwa, Lamulo la Ntchito Likadalipo

Pa 17 Epulo 2020, Khothi Lalikulu ku Lilongwe lidapereka chiletso choimitsa m'bindikiro wa masiku 21 umene udayenera kuyamba pa 18 Epulo pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19, bungwe la HRDC litakadandaula. Pofika tsikulo, eni masitolo, zigayo ndi minda ena adali atauza kale antchito awo kuti akhale kunyumba. Funso lomwe lidatsala lidali ili: kodi wantchito amene adali pakhomo chifukwa cha m'bindikiro womwe sudachitike alandire malipiro kapena ayi?

Chimene khothi lidaimitsa ndi m'bindikiro wokha. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 silidakhudzidwe, ndipo limamanga mwini golosale ku Limbe monga momwe limamangira mwini esiteti ya fodya ku Kasungu.

Lamuloli limalola kuchepetsa antchito ngati malonda alowadi pansi, koma mantha a zimene boma lingalengeze mawa si chifukwa chokwanira. Wolandira pamwezi ayenera kuchenjezedwa kudakali mwezi wathunthu kapena kulipidwa malipiro a mweziwo. Amene wakwanitsa chaka amalandiranso ndalama zomuchotsera ntchito: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyamba, ndipo zimakwera zaka zikachuluka. Akadwala, dokotala n'kutsimikiza, ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka pa chaka.

Povuta ndi pa tchuthi chopanda malipiro, njira imene olemba ntchito ambiri amathamangirako. Malipiro ndi mbali ya mgwirizano wa anthu awiri, choncho mmodzi sangawaimitse payekha. Pafunika kukambirana, ndipo zogwirizanazo zilembedwe, kuphatikizapo tsiku lobwerera. Kupanda kutero, nkhaniyo ikhoza kukathera ku ofesi ya zantchito kapena kukhothi loona milandu ya pantchito, komwe mawu apakamwa savuta kuwakana.

Njira yosapweteka kwambiri ndi imene maofesi a boma adatsata mu 2020, yogwira ntchito mosinthana. Anthu amachepa pamalo, koma palibe wochotsedwa. Izi n'zofunika makamaka m'nyengo yokolola ndi yogulitsa fodya: mlimi amene wabalalitsa osankha ndi omanga mabelo lero adzawafunanso sabata yamawa, atalembedwa kale pa munda wina.