Khoswe Wakhala pa Mkhate wa Manyazi

Pali malonda ena amene munthu akaberedwa amathamangira kupolisi akufuula, ndipo pali ena amene woberedwayo amangomeza malovu, natseka chitseko, nakhala duu ngati palibe chachitika. Ndipo mwa malonda a mtundu wachiwiriwu palibe oposa a zidole zogonana nazo, zimene masiku ano zikutsatsidwa pa intaneti m'maiko ambiri. Ndikudziwa kuti ena, pongowerenga mawu amenewa, aseka kale, ndipo ena akwinya nkhope. Koma ndiloleni ndinene kuti kuseka kumeneko ndiko mpamba wa mbala, pakuti akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate umene akamberembere awa akhalapo ndiwo manyazi a wogula.

Malondawo si nthano ayi. Ku California, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Matt McMullen anayamba kuumba zidole za RealDoll, zimene chimodzi chimagulidwa ndi madola oposa 5,000. Pambuyo pake mafakitale a ku China, monga WM Doll ya ku Zhongshan ndi EXDOLL ya ku Dalian, anadzaza msika ndi zotsikirapo mtengo, zina za silikoni, zina za mphira wofewa wotchedwa TPE. Chidole cha msinkhu wa munthu wamkulu chili ndi mafupa achitsulo m'kati mwake, chimalemera makilogalamu 30 kapena kuposerapo, ndipo kuchinyamula pa ndege kuchokera ku Guangdong kumadya ndalama zambiri pakokha. Tsono munthu akaona tsamba limene likulonjeza katundu wotere pa madola 150, ulendo wake waulere, ayenera kudzifunsa kuti kodi wamalonda ameneyu adya chiyani. Yankho lake n'lapafupi: adya wogulayo.

Taonani machitidwe a akamberemberewa. Amaba zithunzi za fakitale yeniyeni, nazipachika pa tsamba limene labadwa mwezi watha, nalemba okha maumboni a ogula amene sanakhaleko, naika koloko yowerenga mphindi zotsala kuti mtengo ukwere, cholinga chake kuti mtima uthamange nzeru zisanafike. Wolipira amalandira chimodzi mwa izi: chibaluni chopopa ndi mpweya, kachidole kosakwana mkono, chinthu chonunkha mafuta chong'ambika sabata isanathe, kapena mphepo chabe. Ndipo amene walandira mphepoyo sanathane nawo, chifukwa posakhalitsa imafika kalata yonena kuti katundu wagwidwa pachipata cha dziko, tumizani zina za msonkho. Akatumiza, ifikanso ina ya inshuwalansi. Akakana, mawu amasintha, nayamba kumukumbutsa kuti dzina lake, nyumba yake ndi nambala yake ali nazo, ndi kuti abale ake angakonde kumva chimene iye anaitanitsa.

Safunsa anadya phula, ndipo zofunsa pano si zovuta. Mafakitale odziwika amavomereza anthu owagulitsira katundu, ndipo wogula angathe kulembera fakitaleyo kufunsa ngati wogulitsayo ikumudziwa. Msinkhu wa tsamba umaoneka pa WHOIS. Chithunzi chobedwa chimagwidwa ndi Google Lens. Wogulitsa woona amatumiza zithunzi za chidolecho chili kufakitale chisananyamuke. Koma chachikulu ndi kalipiridwe. Ndalama zodzera ku Western Union, ku Bitcoin kapena m'makadi amphatso zikapita zapita. PayPal imapatsa wogula masiku 180 kuti adandaule katundu akapanda kufika, pokhapokha ngati sananyengedwe kutumiza ndalamazo monga mphatso ya kwa mbale kapena bwenzi. Ndipo abale athu okhala ku Britain adziwe kuti gawo 75 la Consumer Credit Act ya 1974 limamanga banki pamodzi ndi wogulitsa pa katundu wa mtengo woposa mapaundi 100 kufikira 30,000 wogulidwa ndi kirediti kadi. Wamalonda wokana njira zotere wadziulula yekha.

Palinso dzenje lina, lakuya koposa kutaya ndalama. Ku Zambia, mu 2018, Mayi Godfridah Sumaili, amene panthawiyo anali nduna yoona za chipembedzo, analengeza kuti oitanitsa, ogulitsa ndi ogwiritsa ntchito zidolezi adzamangidwa. Choncho wogula wa ku Lusaka kapena ku Chipata akaberedwa, pakamwa pake pamangidwa kawiri, ndi manyazi ndi mantha. Ku Britain makhoti aweruza kale anthu oitanitsa zidole zooneka ngati ana, ndipo mu November 2025 boma la France linadzudzula Shein pa chonyansa chomwechi, kampaniyo n'kuleka kugulitsa zidolezi. Pamenepa ine ndilibe chifundo ndi wogula dala; koma wothamangira zotchipa ndi zazing'ono pa tsamba losadziwika azindikire kuti bokosi likatsegulidwa pachipata, dzina lolembedwapo ndi lake, si la mbala.

Sindinadze kudzayamikira malondawa, ndipo abusa, ankhoswe ndi anamkungwi ali ndi ufulu wonse wowadzudzula. Chimene ndikukana ndi chiweruzo chakuti wogula chinthu chochititsa manyazi ayenera kuberedwa, pakuti lamulo loletsa kuba silinapatule munthu wosungulumwa, wamasiye, wolumala, ngakhale wopusa. Ndipo mbala imene yanona ndi ndalama za wogula chidole lero ndi yomweyo imene mawa idzatsegula tsamba logulitsa mafoni, feteleza kapena mankhwala. Inu a kubanki ndi a kupolisi, munthu wotere akafika pamaso panu, lembani dandaulo lake osamuseka. Ndipo inu amene mwaberedwa kale, musatumizenso ngakhale tambala imodzi. Sungani makalata onse ndi malisiti, ndipo kauzeni banki yanu lero lomwe.