M'MERA MPOYAMBA: ANA ATHU APHUNZIRE KUSANKHA

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, amai ndi abambo a m'midzi yotizungulira, nkhani imene tiri nayo mwezi uno ndi ya ana ang'ono, awo amene akali kuthamangitsa mpira wachikulunga pabwalo. Lamulo la dziko lino likuti munthu ayambe kubvota akakwanitsa zaka 18. Tsono mwana wa zaka 6 amene walowa Sitandade 1 chaka chino, zikangopita zaka 12 adzakhala woyenera kuima pamzere ndi pepala m'manja, kusankha Pulezidenti, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ndi khansala. Kodi ntchito yaikuru chotere adzaiphunzira kuti ngati ife sitimphunzitsa lero?

Poyamba tiwauze ana kumene ufulu umenewu unachokera. Pa masankho a 15 August, 1961, dziko lino likali Nyasaland, panali makaundula awiri a obvota, wapamwamba ndi wapansi, ndipo kuti munthu alembedwe ankamfunsa za maphunziro ake kapena chuma chake. Anthu ochuluka a m'midzi anangoonerera. M'chaka cha 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, kufikira pa 14 June, 1993, pamene anthu anafunsidwa kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo ambiri anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Pa masankho a 17 May, 1994, Dr. Kamuzu Banda anabvomera kuti wagonja kwa a Bakili Muluzi, boma ndi kusintha mwamtendere. Pa 3 February, 2020, khoti linafafaniza masankho a Pulezidenti a 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri pa mapepala a zotsatira, monga kufufuta manambala ndi tipeksi, ndipo anthu anabvotanso pa 23 June chaka chomwecho.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa zinthu zitatu: munthu aliyense akhale ndi bvoti imodzi, kuwerenga kuchitike poyera, ndipo wogonja abvomere. Mwana wa zaka 7 angathe kuzimva zonsezi, koma sangazimve ndi kulalikiridwa kokha. Ayenera kuzichita ndi manja ake.

Chifukwa chake tikupempha aphunzitsi ndi makolo kuti pamene pafunika monitala wa kalasi kapena kaputeni wa mpira, asamangoloza mwana wa uje. Aimike ana awiri kapena atatu, aliyense anene m'mau ochepa zimene adzachitira anzake. Kenaka ikani zitini kuseri kwa mphasa, chitini chimodzi pa mwana aliyense woimayo, ndipo wobvota apatsidwe njere imodzi ya chimanga. Apite yekha kuseriko, popanda womuona, akaponye m'chitini chimene wafuna. Pomaliza khuthulani njerezo pamaso pa onse, ana eni ake awerenge mokweza. Wopambana agwire chanza wogonja, ndipo onse awaombere m'manja pamodzi.

Kunyumbanso mpata ulipo. Afunseni ana ngati lero m'ndiwo alowemo nkhwani kapena bonongwe, kapena ndani ayambe kupita kumjigo ndipo ndani atsale kusesa. Koma chenjerani, akuluakulu anzathu: mukawapatsa ana kusankha, lemekezani chimene asankha. Bambo amene afunsa ana maganizo, kenaka nachita zake zomwe anakonza kale, akuphunzitsa mwana kuti kubvota ndi mwambo wachabe, ndipo mwana wotere akadzakula, tsiku la masankho adzapita kudimba. Sitikunena kuti zonse zibvoteredwe iai. Kupita ku sukulu kapena kumwa mankhwala a malungo sizidikira bvoti ya mwana. Muuzeni momveka zimene ziri m'manja mwake ndi zimene ziri m'manja mwa makolo.

Pali zina zimene tiyenera kuleka, ife a ndale makamaka. Tisaphunzitse ana nyimbo zotukwana atsogoleri a zipani zina. Tisawauze kuti uje ndi mdani chifukwa wabvala nsalu ya mtundu wina, kapena chifukwa kwao ndi ku Mpoto, Pakati kapena ku Mwera. Ngakhale ife a nthambi ino tisakakamize ana athu kukonda zimene ife tikonda asanadziwe kufunsa kuti "chifukwa chiani?" Mwana wodziwa kufunsa adzatithandiza mawa kukonza pamene tapotoka.

Ndiponso tisalole mwana kugula anzake ndi maswiti kapena zitumbuwa kuti amsankhe. Lamulo la zipani za ndale la 2018 likuletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa obvota, koma lamulo lokha silingalowe m'mitima ya anthu. Mwana amene waona mai ake akulandira kathumba ka mchere pamsonkhano, nabvota chifukwa cha mcherewo, adzayesa kuti bvoti ndi malonda. Mchere utha m'masiku ochepa, pamene phungu akhala pampando zaka 5, mlatho uli wosweka ndipo chipatala chiribe mankhwala.

Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Tikupempha mamembala onse kuti akafikitse nkhaniyi kwa mafumu, ku makomiti a sukulu ndi kwa aphunzitsi a Sande Sukulu ndi a madrasa, kuti teremu ino isathe ana a m'dera lathu asanachiteko masankho awo oyamba. Pa msonkhano wa nthambi ukudzawu, aliyense adzatiuze m'mene zinayendera m'mudzi mwake.