Achoke Ayende Kuti?

Mzimai akamenyedwa, ife pa Facebook timathamangira kulemba kuti "musiye, choka!" Kulemba n'kosavuta. Manje ganizani: nthawi ili 23 hours, mwana ali kumsana, ndalama ya taxi alibe, nyumba ya lendi amalipira ndi mwamuna. Achoke ayende kuti? Kwa makolo? Kumeneko alangizi adzamubweza m'mawa, ati ukwati ndi shipikisha.

Lamulo la Anti-Gender Based Violence la 2011 linauza boma kukhazikitsa nyumba zothawirako. Papita zaka zoposa 10, nyumbazo zikali zochepa, ndipo mabungwe monga YWCA ndiwo akusenza mtolo. Ndiye tisadabwe mzimai akapita ku Victim Support Unit pa Mande, pa Chitatu n'kubwerera kukachotsa mlandu. Si kupusa iyai. Usiku akali kugona m'chipinda chimodzi ndi munthu amene wamunenera kwa akapokola.

Ine ndasunga 933 mu foni, nambala yaulere ya Lifeline. Ndipo khansala akabweranso ku komboni kudzapempha mavoti, za ngalande ndidzasiyira ena. Ine ndidzamufunsa kuti mu ward yathu, mzimai wothawa usiku amagogoda pa chitseko chiti.