Nyumba Yogona Akangaude Ilipire Msonkho Wochuluka

M'mwezi wa Disembala 2021 sukulu ya pulayimale ya m'mudzi wa Abersoch, m'mphepete mwa nyanja m'dera la Gwynedd ku Wales, idatsekedwa chifukwa ophunzira adatsala ongowerengeka pa zala. Ine amene ndidakalambira pa choko, nkhani imeneyi imandidya mtima. Mudziwo sudasamuke ayi, ndipo nyumba zake sizidagwe. Zilipo, zokongola ndithu, koma zambiri zidagulidwa ndi anthu achuma ochokera kutali amene amangobwera kudzapumula m'nyengo yotentha. Akatero amakhoma maloko n'kupita, m'nyumbamo n'kutsala akangaude.

Ku Wales, monganso ku England, nyumba imalipiridwa msonkho ku khonsolo, ndipo ndalamazo zimathandiza kuyendetsa masukulu, kuchotsa zinyalala ndi kusamalira okalamba. Amalipira ndi wokhalamo, kaya ndi mwini wake kaya ndi walendi. Lamulo la nyumba la 2014 lidapatsa makhonsolo a ku Wales mphamvu yowonjezera msonkhowu pa nyumba zachiwiri ndi pa zimene zakhala chaka chathunthu zopanda munthu. Kuyambira 2017 adaloledwa kuuwirikiza kawiri, ndipo mu Epulo 2023 malire adakwera mpaka kanayi. Chaka chomwecho khonsolo ya Gwynedd idawonjezera 150 peresenti pa nyumba zachiwiri. Ine ndikuti idachita bwino.

Eni nyumbazi amadandaula kuti akulangidwa popanda mlandu. Amati ana awo saphunzira m'masukulu a kumeneko, ndipo nkhokwe zawo za zinyalala zimakhala zopanda kanthu miyezi yambiri. Nanga alipirirenji koposa anzawo? Mawu amenewa ndiwo akuwatsutsa. Mlandu wawo ndi womwewo wakuti kulibeko. Munthu wa thumba lalikulu akapikisana ndi mwana wa msodzi pogula nyumba, mtengo umakwera kufikira mwana wa msodziyo atanyamula katundu n'kukafuna malo kwina. Akachoka, amachoka ndi mkazi wake, ndi ana amene akadadzaza kalasi, ndiponso ndi chilankhulo. Gwynedd ndi kumene chilankhulo cha Chiwelshi chidakali ndi mizu yozama, pamene kalembera wa 2021 adapeza kuti m'dziko lonselo ochilankhula adatsika kufika pa 17.8 peresenti kuchoka pa 19 peresenti mu 2011.

Amatinso amabweretsa malonda. Zoona, m'mwezi wa Ogasiti masitolo amadzaza. Koma mlendo ndi mame. Nanga mu Januwale wogulitsa buledi amugulitse yani?

Chimene chimandinyansa koposa ndi kuchenjera kumene ena adachita. Poona msonkho ukukwera, adayamba kulembetsa nyumba zawo ngati malo ogona alendo. Kale zinkakwanira kubwereketsa nyumbayo masiku 70 okha pa chaka kuti iwerengedwe bizinesi, ndipo popeza mabizinesi aang'ono amakhululukidwa msonkho, ambiri sankalipira ngakhale khobidi. Taganizani: mayi wamasiye wa m'nyumba ya lendi akulipira mwezi ndi mwezi, mnansi wake wa nyumba ziwiri osatulutsa kanthu! Mu 2023 boma la Wales lidakweza masikuwo kufika pa 182. Ena adalira kuti masikuwo achuluka, koma nyumba imene imakhala yotseka koposa theka la chaka siyenera kudzitcha bizinesi.

Sindikana kuti alipo ena amene lamuloli lingawapsinje, monga wosunga nyumba ya makolo ake omwalira. Komabe lamulo lidasiya mpata: nyumba imene ili pa malonda imapatsidwa chaka chisanayambe chiwonjezerocho, ndipo wokhala kwina chifukwa ntchito idampatsa nyumba naye amaganiziridwa. Mpata umenewo ndi wokwanira. N'chifukwa chake ndidakhumudwa pamene khonsolo ya Pembrokeshire, imene idafika pa 200 peresenti mu 2024, idabwerera m'mbuyo kufika pa 150 chaka chotsatira.

Odana ndi msonkhowu akumbukire zimene zidachitika atsogoleri ali chete. Kuyambira mu 1979, kwa zaka zoposa khumi, gulu lobisika lotchedwa Meibion Glyndŵr lidatentha nyumba zatchuthi zoposa 200 ku Wales. Kutentha nyumba ndi upandu, ndipo sindiuikira kumbuyo. Msonkho sutentha denga la munthu. Umangomuuza mwini nyumba kuti asankhe: akhalemo, alowetsemo banja la lendi, aigulitse, kapena alipire khonsolo ndalama zomangira ena pogona.