Kodi Adya Kilachi Ndani?

Pali funso limodzi limene eni magalimoto akonda kufunsa pa galaja, ndilo lakuti, Kodi kilachi ikhala nthawi yotani isanathe? Ndipo amakaniko, pofuna kuti munthu achoke msanga, ayankha kuti makilomita 100,000, ndiwo mailosi ngati 60,000. Yankho limeneli si lonama, pakuti kilachi zambiri zifikadi pamenepo. Koma lasocheretsa anthu, popeza liwaphunzitsa kuyesa kuti kilachi ili nalo tsiku lake loikika, monga chimanga chili ndi mwezi wake wakucha. Ife tikana. Kilachi ina itha isanakwanitse makilomita 50,000, inzake ipitirira 160,000 ikali yolimba, ndipo zonse ziwiri zinasulidwa m'nyumba imodzi. Chozisiyanitsa ndicho phazi lamanzere la woyendetsa, pamodzi ndi dyera la iye amene anamtuma.

Tiyambe taona umo chinthuchi chigwirira ntchito, kuti mlandu uweruzidwe poyera. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali mbale yozungulira, yovekedwa khungu lokhakhala mbali zake zonse ziwiri. Mbaleyi ikhala pakati pa zitsulo ziwiri: china ndi gudumu lolemera la injini limene amakaniko alitcha flywheel, china ndi chopanira cha masipuling'i chimene achitcha pressure plate. Phazi likachoka pa chopondera, masipuling'i apana mbale ija kolimba, ndipo zitatuzo zizungulira pamodzi ngati chinthu chimodzi. Pamenepo palibe chodyeka. Phazi likaponda kufikira pansi, mbale imasuka, ndipo khungu lake lipumula. Koma phazi likaima pakati, mbale ikhudza chitsulo osachigwira, nikhulana nacho monga mphero ndi mwana wake. Mayi aliyense wopera mawere adziwa kuti mwala sudyeka uli chikhalire, udyeka popera. Ndipo kukhulana kubala kutentha, monga makolo athu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Khungu lija lingodyeka mamilimita owerengeka okha, pomwepo mitu ya misomali yolimangira iyamba kukanda chitsulo, ndipo kilachi yatha.

Chifukwa chake kuwerenga moyo wa kilachi ndi makilomita kuli ngati kuyesa ufa ndi chingwe. Lole yochoka ku Blantyre kunka ku Lilongwe iyenda makilomita oposa 300, ndipo nthawi yaikulu ya ulendowo phazi lili kutali ndi chopondera. Koma minibasi yoyenda pakati pa Limbe ndi Blantyre pa msewu wa Chipembere iima, ninyamuka, niimanso pa siteji iliyonse ndi pa mzere uliwonse wa magalimoto. Imeneyi ipera kilachi yake m'tsiku limodzi koposa umo lole ija iperera m'sabata, ngakhale makilomita ake ali ochepa. Momwemonso iye wogula galimoto yakale yochokera ku Japan, yolowa pa Songwe kapena pa Mwanza, asatonthozedwe ndi manambala a pa wotchi ya makilomita, pakuti wotchi sinena za phazi la mwini wake woyamba.

Tsono taonani makhalidwe amene akupha kilachi isanakalambe. Loyamba ndilo kugoneka phazi pa chopondera galimoto ili kuyenda. Woyendetsa ayesa kuti sakuponda, koma kulemera kwa nsapato kukwanira kutopetsa beringi, ndi kufooketsa dzanja la masipuling'i. Lachiwiri ndilo kuimika galimoto pa chitunda ndi kilachi, handibuleki ili pomwepo yosagwiritsidwa ntchito. Mphindi imodzi yotere idya khungu loyenera kuyenda ulendo wautali. Lachitatu ndilo kunyamuka ndi giya yachiwiri chifukwa cha ulesi, ndi kuliza injini mopitirira ponyamuka. Lachinayi tiliona pa masiteji tsiku ndi tsiku, pamene woyendetsa asendeza minibasi pang'ono, naibweza, naisendezanso, kuti okwera ayese kuti ili pafupi kunyamuka. Chinyengo chimenechi chinyenga okwera kanthawi, koma malipiro ake aperekedwa ku galaja.

Wina adzati, Misewu yathu ndiyo yoipa, ndi mapiri athu ndi aatali. Tivomera. Iye wokwera ku Ku Chawe pa phiri la Zomba, kapena chitunda cha Chiweta, kapena njira ya Gorodi yokhotakhota yonka ku Livingstonia, sayenda monga wa pa chigwa. Koma phiri lilamula giya yaing'ono ndi mtima wodekha. Silinalamule munthu kukwera ndi giya yaikulu, nathandiza injini yolefuka mwa kuponda kilachi theka. Galimoto ikatitimira m'matope a dzinja kapena mumchenga wa kunyanja, mankhwala ake ndiwo khasu, miyala, nthambi ndi mapewa a anthu. Woliza injini pamenepo kufikira fungo la chopserera limveka, watentha m'theka la ora chimene chikadamtumikira zaka.

Wina adzatinso, Zitsulo za masiku ano ndi zachinyengo. Apanso pali choonadi, pakuti m'misika muli mbale zotsika mtengo zovala bokosi la dzina labwino. Koma adazigula ndani? Kodi si mwini galimoto yemweyo, amene anauzidwa kuti asinthe zitatu pamodzi, mbale, chopanira ndi beringi, nakana, nagula mbale yokha ya mtengo wapansi? Adziwe kuti ntchito yaikulu posintha kilachi ndiyo kutsitsa giyabokosi. Wosiya beringi yakale m'katimo adzatsitsa giyabokosi kawiri, nalipira mmisiri kawiri. Ndipo ngati mafuta akukha pa silo ya kumbuyo kwa injini nanyowetsa mbale, ngakhale mbale yatsopano idzaterereka. Mmisiri woona asintha silo nthawi yomweyo, wosaona atseka msanga nayembekeza kubwerera kwanu.

Koma mawu athu olemera tiwasungira eni magalimoto amene, kilachi ikatha, adula malipiro a woyendetsa monga ngati iye yekha ndiye wochimwa. Inu mabwana, munamuikira ndalama yoti abwere nayo madzulo alionse, yosatheka kuipeza popanda kudzaza anthu ndi matumba koposa muyeso umene wopanga galimoto analemba. Munasenzetsa lole ya matani atatu katundu wa matani asanu, kuti ulendo umodzi ugwire ntchito ya maulendo awiri. Kodi simudziwa kuti kulemera konseko kupyola pa mbale imodzi ija nthawi iliyonse galimoto inyamuka? Phindu la katundu woonjezera munaika m'thumba lanu. Kuonongeka kwake muika pa mutu wa wantchito amene ana ake adikira ufa. Kumeneku ndi kusalungama, ndipo sitidzakutcha dzina lina. Woyendetsa wosasamala alangizidwe, ndipo akakana kumva achotsedwe. Koma wotumidwa kusenza chosasenzeka asalipitsidwe mlandu wa womtuma.

Akulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma kutha kwa kilachi kuyimba ng'oma masabata ambiri. Injini ilira kwambiri pa chitunda pamene liwiro silikula. Chopondera chigwira pamwamba penipeni. Fungo la chopserera lilowa m'galimoto. Magiya akana kulowa, kapena galimoto injenjemera ponyamuka. Wofuna kutsimikiza ayende ndi giya yaikulu pa liwiro laling'ono, naponde mafuta. Injini ikathamanga yokha galimoto nitsalira, mbale yaterereka. Pamenepo kuzengereza sikupulumutsa ndalama. Misomali ija idzalemba mizere pa flywheel, kutentha kudzaing'amba, ndipo ntchito ya zitsulo zitatu idzasanduka ya zinayi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndipo pano nkhani ileka kukhala ya ndalama yokha. Lole yodzala imene kilachi yake yaterereka pakati pa chitunda ilibenso mphamvu yokwera, ndipo chotsala pakati pa iyo ndi phompho ndiwo mabuleki okha. Palinso ena amene potsika phiri, monga njira yotsikira ku Chikwawa, aponda kilachi kapena achotsa giya, nati tikusunga mafuta. Potero alekanitsa injini ndi matayala, nachotsa chogwira chachikulu chimene galimoto ili nacho potsetsereka. Mabuleki atsala okha, natentha, nafooka. Mafuta osungidwawo sakwanira kugula ngakhale nsalu ya maliro amodzi.

Chotero, owerenga athu, lekani kufunsa mmisiri za tsiku limene kilachi idzatha, pakuti iye sayenda nanu. Woyendetsa achotse phazi pa chopondera akatha kusintha giya, aime pa chitunda ndi handibuleki, adikire pa mzere giya ili pakati, anyamuke ndi giya yoyamba mofatsa, natsike phiri ndi giya yomwe akadakwera nayo. Mwini galimoto asenzetse monga mwa muyeso, agule zitsulo zoona, namve msanga wantchito wake akanena kuti kilachi yayamba kuterereka. Ndipo inu okwera, mukamva fungo la chopserera pa phiri, kapena mukaona matumba alikuunjikidwa pa galimoto yodzala kale, musakhale chete chifukwa cha ulemu. Nenani, pakuti moyo uli pa mbale imeneyo ndi wanu.