Mbale za agogo tisazichape mpaka kukokolola nyimbo

Mwezi watha msuweni wanga ananditumizira nyimbo pa WhatsApp, pansi pake atalemba kuti: "Tamva, ndaikonza, ikumveka ngati yajambulidwa dzulo." Inali nyimbo ya kwela ya pa mbale ina ya agogo athu, imodzi mwa mbale zomwe anabwera nazo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Mbalezi zakhala mu sutikesi pansi pa bedi kuyambira ine ndisanabadwe.

Ndinaimvera kawiri. Kuthetheka kuja kwa mbale zakale kunalibedi. Koma kachitoliro kamamveka ngati woimbayo walowetsa mutu mu ndowa ya madzi, ndipo kukhwekhwereza kwa zala pa nsambo za gitala, komwe ndinkakumva ndili mwana agogo akaika mbaleyi, kunali kutasowa. Nditamupempha fayilo yoyamba, ija asanaikonze, anandiyankha kuti anaifufuta chifukwa imadya malo mu laputopu.

Sindikumunyoza. Iye ndiye anasaka galamafoni yobwereka, nthambo ndi nthawi, pomwe enafe timangoti tidzachita. Koma ndikuona kuti ambirife tikamati tikupulumutsa nyimbo zakale, timaganiza kuti ntchito yake ndi kuchotsa phokoso. Ine ndikuti ntchito yeniyeni ndi kujambula bwino zomwe zili pa mbaleyo ndi kusunga fayiloyo osaikhudza. Kuyeretsa kubwere pambuyo, pa kope ina, ndipo kukhale kwa dzanja lopepuka.

Chifukwa chake chagona pa momwe mapulogalamu ochotsa phokoso amagwirira ntchito. Mu Audacity, pulogalamu yaulere yomwe ambiri timagwiritsa ntchito, umasankha kachigawo komwe kulibe nyimbo, monga pachiyambi singano ikangotera, ndipo kompyuta imatenga kachigawoko ngati chitsanzo cha phokoso. Kenako imatsitsa chilichonse chofanana nacho m'nyimbo yonse. Vuto n'lakuti kompyuta sidziwa kusiyanitsa kusosola kwa mbale yakutha ndi kusosola kwa maseche, visekese kapena mpweya wa munthu woimba chitoliro. Zonsezi zimakhala m'mawu okwera. Ukakankha kwambiri, zimapitira limodzi. Nyimbo zathu zambiri zimadalira kusokosera komweko dala. Amene anamvapo kalimba wokhala ndi tizitsulo tonjenjemera akudziwa kuti kunjenjemerako ndi gawo la nyimbo. Kwa pulogalamu, chimenecho ndi litsiro.

Tsopano kwabweranso mapulogalamu a AI omwe amalonjeza kubwezeretsa mawu omwe anatayika. Amenewa ndimawaopa kwambiri, chifukwa pomwe pasowa mawu amangoyerekeza n'kuikapo awo. Zotsatira zake zimakoma m'khutu, koma woimba wa pa mbaleyo sanaimbe zimenezo.

Phokoso lambiri limachoka mbale isanafike n'komwe pa kompyuta. Kuthetheka kochuluka ndi fumbi lomwe lakhala m'timizere ta mbale. Burashi yofewa, madzi oyera osungunulidwa ndi kuyanika mbale pamthunzi zimachotsa zambiri kuposa batani lililonse. Chenjezo limodzi: mbale zolemera zija zozungulira ka 78 pa mphindi zinapangidwa ndi shellac, ndipo spirit imaisungunula. Zimafunanso singano yonenepa kuposa ya mbale za 45 ndi 33. Ukaziimba ndi singano yopyapyala imakanda pansi pa mzere n'kutola phokoso lokhalokha. Singano yakutha nayo imapala mbale nthawi iliyonse ikadutsa, kotero mbale yokalamba siiyenera kuyesereredwa kambirimbiri.

Palinso nkhani ina yomwe imagwetsa ambiri. Popanga mbale, makampani ankatsitsa mawu a besi ndi kukweza mawu okwera kuti timizere tikhale tating'ono, ndipo poimba pamafunika kachipangizo kotchedwa phono preamp kobweza zimenezi. Ukalumikiza galamafoni ku laputopu popanda kachipangizoka, nyimbo imatuluka yowonda, yopanda besi. Muyezo womwe zipangizo za lero zimatsata, wa RIAA, unakhazikitsidwa mu 1954. Zisanafike pamenepo kampani iliyonse inali ndi muyezo wake, choncho mbale zakale kwambiri zimatha kumveka mopotoka ngakhale utachita zonse molondola. Munthu wodziwa akhoza kukonza zimenezi mtsogolo, pokhapokha ngati fayilo yoyamba ilipo. Pa MP3 yochapidwa kale palibe chomwe angachite.

Ndikudziwa zomwe anzanga anganene, ndipo ali ndi mfundo. Fayilo ya WAV pa muyezo wa CD imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi imodzi. Pa muyezo wa 96 kHz ndi 24-bit, womwe malo osungira zakale amakonda, imapyola 30 MB pa mphindi. Wophunzira amene akuwerengera bando ya sabata sangatumize zimenezo, ndipo azakhali a kumudzi akufuna nyimbo yomveka pa foni yawo, osati phunziro la sayansi. N'zoona. Koma palibe amene akuti tisankhe chimodzi. Jambulani fayilo yaikulu, muisunge ngati FLAC yomwe imachepetsa kukula popanda kutaya kanthu, muiike pa mafulashi awiri osungidwa m'nyumba ziwiri. Kenako koperani, chotsani tikuthetheka tikulutikulu kamodzikamodzi pamanja, tsitsani kusosola pang'ono chabe, pangani MP3 ya azakhali. Nyimbo ya pa mbale ya 45 ndi ya mphindi zitatu. Fulashi ya 16 GB ingasunge sutikesi yonse ya agogo n'kutsalako malo. Timasunga mafilimu a nyengo zisanu mu malaputopu athu osadandaula.

Chomwe chinandipweteka kwambiri pa fayilo ya msuweni wanga si madzi aja a m'ndowa. Dzina lake linali "Track 3 clean". Palibe woimba, palibe kampani, palibe nambala ya mbale. Ikadutsa m'mafoni asanu idzakhala "nyimbo yakale", ndipo wina adzaiika pa YouTube ndi chithunzi cha munthu wolakwika. Taganizani za Hugh Tracey, yemwe anayenda ndi makina ake muno tikadali Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Pali zambiri zoti tikambirane za mzungu wojambula nyimbo za anthu nthawi ya atsamunda, koma ankalemba dzina la woimba, malo, chiyankhulo ndi chida. N'chifukwa chake zojambula zakezo, zomwe zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, munthu akhoza kuzilondola lero mpaka ku boma komwe zinachokera. Gerhard Kubik atakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967 anachitanso chimodzimodzi: kujambula ndi kulemba. Ife tili ndi kamera m'thumba, koma timalephera kujambula chithunzi cha pepala lozungulira la pakati pa mbale, mbali zonse ziwiri, ndi timanambala tozokotedwa pafupi nalo. Ndi ntchito ya masekondi ochepa, ndipo ndi yokhayo yomwe ingathandize kuti banja la woimbayo lidzadziwike ngati nyimboyo itadzagwiritsidwanso ntchito.

Mbale ija ikadalipo, mwamwayi, ngakhale yawonjezera mkwasa umodzi pomwe singano inaterereka. Tagwirizana ndi msuweni wanga kuti tchuthi chikubwerachi tiyambirenso. Iye abwerekanso galamafoni, ine ndigula singano yatsopano ndi mafulashi awiri. Agogo ati akhala pomwepo kuti atiuze mbale iliyonse anaigula kuti, ndipo mawu awonso tiwajambula. Nditawaimbira fayilo yoyeretsedwa ija pa foni, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti oimbawo ndi ana a ndani.