Dzino lobzala limafuna miyezi, thumba nalo liwerenge miyeziyo

Kwa nthawi yaitali, munthu akazulidwa dzino kuno kwathu nkhani inkathera pomwepo. Gweru linkakhala gweru, mwini wake n'kuzolowera kutafunira mbali imodzi ndi kuseka ataphimba pakamwa. Amene anali ndi kangachepe ankapangitsa mano oyikirira, aja ovula usiku n'kuviika m'kapu ya madzi. Lero anthu akuona pa Facebook zithunzi za dzino lobzalidwa m'fupa la nsagwada, lomwe madokotala amati implant, ndipo ayamba kufunsa mtengo wake. Ena akufunsa ali ku Lilongwe, ena ali ku Joni, ena ali ku Britain komwe akugwira ntchito yosamalira okalamba. Mayankho omwe amalandira amasiyana kwambiri moti munthu amakayikira ngati onsewo akukamba za chinthu chimodzi.

Ku America dzino limodzi lotere, ntchito yonse ikatha, kawirikawiri limadya pakati pa $3,000 ndi $6,000. Ku Britain, kwa madokotala omwe si aboma, limakhala cha m'ma £2,000 mpaka £3,000, ndipo NHS, yomwe ndi ya boma, imabzala mano kwa anthu ochepa okha, monga amene anataya mano chifukwa cha khansa, ngozi yaikulu, kapena amene mano ena sanawamere chibadwire. Ku South Africa munthu akonzekere R20,000 kapena kuposerapo. Koma ku Turkey, Hungary, India ndi Mexico mtengo umatsika kufika theka, mwinanso kuchepera apo. N'chifukwa chake katauni kakang'ono ka Los Algodones ku Mexico, pamalire pafupi ndi Yuma ku Arizona, kali ndi madokotala a mano mazanamazana. Anthu a ku America amaimika galimoto tsidya la kwawo n'kuwoloka wapansi. Ku Ulaya nako, anthu a ku Austria akhala akuwolokera ku Sopron ndi Mosonmagyaróvár ku Hungary kwa zaka zambiri.

Kachitsulo kobzalidwa m'fupa, komwe dzinolo limakhalapo, sikamene kamakweza mtengo chonchi. Chimene wodwala amalipira kwenikweni ndi lendi ya nyumba, malipiro a dokotala ndi omuthandiza, mmisiri woumba dzino lapamwamba, makina ojambulira fupa ndi inshuwalansi ya dokotalayo. Zonsezi n'zokwera ku London ndipo n'zotsika ku Antalya, ku Turkey. Dzina la kampani nalo limawonjezera: chitsulo cha Straumann ya ku Switzerland kapena cha Nobel Biocare chimadula kuposa cha Osstem ya ku South Korea. Kuno kwathu kuli vuto lina pamwamba pa amenewa. Chilichonse cholowa m'kamwamo chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zipangizo zonse zogula kunja unakwera nawo. Pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, $3,000 ndi ndalama zoposa K5 miliyoni, ndipo tonse tikudziwa mmene kupeza dola kubanki kumavutira.

Chimene ndikufuna owerenga agwiritsitse ndi nthawi. Dzino lobzala si katundu wogula m'mawa n'kubwera naye madzulo. Mu 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, akufufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, anapeza kuti chitsulo cha titanium chomwe anaika m'fupa chakanirira osachoka, fupa litachikumbatira. Mu 1965 anabzala zitsulo zotere m'nsagwada ya Gösta Larsson ku Gothenburg, ndipo bamboyo anakhala nazo mpaka imfa yake mu 2006. Kukumbatirana kwa fupa ndi chitsulo kumeneku ndiko maziko a ntchito yonse, ndipo nthawi zambiri kumatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Kuli ngati nsanamira yothiridwa konkire: ukaisenzetsa denga isanaume, imagwedera mpaka kalekale. Dokotala amayamba wajambula fupa, n'kubzala chitsulo, n'kudikira. Chikagwira ndi pamene amamangirirapo kachitsulo kolumikizira, kenaka dzino looneka lija. Ngati fupa linaphwa chifukwa gweru lakhalitsa, amayamba wawonjezera fupa, ndipo apo miyezi ina imalowa. Alipo odwala ena omwe amaikidwa dzino longogwirizira tsiku lomwelo, koma nawonso amabwereranso kukaikidwa lenileni.

Miyezi imeneyi ndiyo imasintha masamu a ulendo wakunja. Munthu wa ku Yuma amapindula ndi Los Algodones chifukwa akhoza kubwererako mawa ngati usinini watupa. Mmalawi wopita ku India ayenera kuwerenga matikiti a ndege awiri, visa, malo ogona maulendo onse awiri, chakudya, ndi masiku omwe sali pantchito. Ngati ndi dzino limodzi, phindu lonse limathera m'ndege. Ulendo wotere umayamba kumveka pokhapokha mano ofunika kubzala ali ambiri, kapena munthuyo ali kale ndi chifukwa china chopitira kumeneko kawiri. Kwa ambiri a ife, Johannesburg yokwera mtengo pang'ono koma yofikika pa basi ingakhale yotsika kuposa Mumbai yotchipa papepala. Ndipo dokotala wa mumzinda mwanu momwe, ngati ali ndi maphunziro ndi luso la ntchitoyi, ali ndi chinthu chimodzi chimene wakutali alibe: mukhoza kumugogodera chitseko.

Chitsekocho mudzachifuna. Mano obzala ambiri, oposa 90 pa 100 aliwonse, amafika zaka khumi ali bwino, koma kufika kumeneko kumafuna chisamaliro. Kasikuluwu kogwira dzino lapamwamba kamatha kumasuka, dzinolo limatha kubenthuka, usinini wozungulira chitsulo umatha kutupa mpaka fupa kuyamba kudyeka. Mu 2022 bungwe la British Dental Association linafunsa mamembala ake za odwala obwera kuchokera kunja, ndipo ambiri mwa omwe anayankha anati anathandizapo anthu omwe ntchito yawo inadzavuta atabwerera kwawo. Pali kanthu kena komwe anthu sauzidwa: kampani iliyonse ili ndi masikuluwu ake ndi zomasulira zake. Dokotala wa ku Blantyre akhoza kukuyasamitsani, n'kuona chitsulo chomwe sakuchidziwa, n'kusowa chomasulira. Choncho musatuluke m'chipatala chilichonse, kaya ndi ku Istanbul kaya ndi ku Area 47, opanda kakhadi kolembedwa dzina la kampani, mtundu ndi kukula kwa chitsulo chomwe akubzalani, pamodzi ndi zithunzi za fupa. Kakhadiko kasungeni pamodzi ndi pasipoti.

Koma miyezi yomweyi ili ndi ubwino wake kwa munthu wa thumba lopyapyala. Popeza ntchito imachitika m'magawo, kulipira nako kungathe kuchitika m'magawo. Pemphani dokotala akulembereni papepala mtengo wa gawo lililonse: kujambula, kuzula ngati muzu ulipobe, kuwonjezera fupa, chitsulo, cholumikizira, dzino lapamwamba, ndi maulendo odzaonetsa. Mitengo yambiri yokopa ya pa intaneti imatchula chitsulo chokha, zinazo mumakazimvera muli pampando, pakamwa pali dzanzi. Mukakhala ndi pepalalo m'manja, funsani kuti ndi ndalama zingati zofunika tsiku lobzala, ndi zingati zomwe zingadikire mpaka fupa litagwira. Apa ndi pamene chipereganyu cha kuntchito, banki nkhonde kapena SACCO zimagwira ntchito: gawo loyamba mulipire ndi zomwe munasunga, lachiwiri likumane ndi mwezi wanu wolandira. Katapila yekha ndiye ayi. Gweru lakale si ngozi ya usiku, ndipo palibe chifukwa cholipirira chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi pa chinthu chomwe chikudikira fupa. Amene muli pa sikimu ya zachipatala, monga MASM kapena ya kuntchito kwanu, funsani musanayambe ndipo yankho likhale lolemba. Masikimu ambiri padziko lapansi amaika malire otsika pa za mano. Ngakhale ku America, Medicare ya boma yothandiza okalamba silipira ntchito wamba ya mano, ndipo anthu kumeneko amathamangira ku sukulu zophunzitsa madokotala a mano komwe mtengo umatsika chifukwa ophunzira amagwira ntchito moyang'aniridwa. South Korea ndiyo inachita zosiyana: kuyambira 2014 inshuwalansi ya boma inayamba kulipirako mano obzala a okalamba, ndipo lero wazaka 65 kupita m'tsogolo amathandizidwa pa mano awiri, iye n'kulipira 30 peresenti.

Kudikira kuli ndi malire ake. Dzino likangozulidwa, fupa la pamalopo limayamba kuphwa, makamaka m'miyezi yoyambirira. Amene akuganiza zodzabzala anene zimenezi tsiku lozula lomwelo, kuti dokotala aone ngati angateteze fupalo. Wosuta fodya ndi wodwala shuga yosatsika ayambe wakonza zimenezo, chifukwa mwa iwo chitsulo chimalephera kugwira kawirikawiri kuposa mwa ena, ndipo ndalama yolowa m'fupa lokana sibwerera.

Funso lomwe otsatsa malonda sangakufunseni ndi lakuti: kodi gweru lililonse liyenera kutsekedwa? Mu 1981 katswiri wa ku Netherlands, Arnd Käyser, anaonetsa kuti munthu amene ali ndi mano akutsogolo ndi apakati okwana 20 olumana bwino amatha kutafuna mokwanira ngakhale achibwano akumbuyo kwenikweni atachoka. Bungwe la WHO nalo limatenga mano 20 ngati muyeso wa m'kamwa mogwira ntchito. Ndiye ngati lomwe linachoka ndi lakumapeto, ndipo chimanga chootcha mukukukuta bwinobwino, mwina mamiliyoni amenewo ali ndi ntchito ina. Ngati ndi lakutsogolo, lomwe limakuchititsani manyazi pamaso pa makasitomala kapena ana a m'kalasi, ululu wake ndi weniweni ndipo sindiupeputsa. Komabe funsani za dzino lomatiridwa ku mano oyandikana nalo, kapena loyikirira lovula, lomwe mtengo wake ndi kachigawo chabe ka lobzala. Kwa agogo omwe mano onse apansi anatha ndipo oyikirira amangoterereka akamadya nsima, akatswiri omwe anakumana pa yunivesite ya McGill ku Canada mu 2002 anagwirizana kuti zitsulo ziwiri zokha zogwiriziza mano oyikirirawo zimathandiza kwambiri. Ana omwe akusonkherana ndalama kuchokera kunja afunse za njira imeneyi asanavomere zobzala m'kamwa monse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa magweru amenewa akanapeweka. Dzino lobowoka likapezeka msanga limamatidwa, ndipo ngakhale lofika pamtsempha limatha kutsukidwa muzu n'kupulumuka. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano, ndipo munthu wa kumudzi akafika kuchipatala tsaya litatupa, chothandiza chapafupi chinali kuzula. Mu 2019 College of Medicine, yomwe tsopano ili mu KUHeS, inayamba digiri ya udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko ya umoyo wa m'kamwa. Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti achinyamata otuluka m'sukuluyi alembedwe ntchito m'zipatala za m'maboma, ndipo akafika kumeneko apeze mpando wogwira ntchito, magetsi, makina ojambulira ndi mankhwala omatira mano.